Thanki ya sitenilesi yabooka pa miyezi 14, madzi ake ndi a mchere wa zikopa. Tigule chitsulo chanji?

Mfufuti74
Akuluakulu, mundithandize nzeru. Ndimayang'anira makina pa kafakitale kofufuta zikopa kuno ku Lusaka, chakumadzulo kwa tauni. Chaka chatha abwana anatulutsa ndalama zambiri, tinapangitsa thanki ya sitenilesi yolandirira madzi oipa asanapite ku madamu osefera, pamodzi ndi mapaipi ake ndi pampu. Tinkati za dzimbiri tathana nazo, poti yakale ya chitsulo wamba tinkangokhalira kuimata zigamba. Lero miyezi 14 yokha, thanki ikudontha malo 6. Kunja ikung'anima ngati yangotsika pa lole. Timabowo take n'tating'ono ngati pobaya singano, tambiri tili m'mbali mwa mzere wowotcherera, tina pansi pomwe pamakhala matope. Dzulo ndinakolokosa kamodzi ndi waya, pakamwa pake pochepa koma m'kati mwakumbika ngati mphako. Abwana akuti ndine ndinasankha chitsulo cholakwika. Wogulitsa akuti tigule sitenilesi ya mtundu wa 316, nkhani ithe. Ndisanawonongetsenso ndalama za eni, alipo anakumana nazo?

KabwataKid
Sitenilesi kuchita dzimbiri? Anakugulitsani malata opaka polishi amenewo ba bwana.

Mdala_wa_Kopala
Iwe mwana, khala pansi. Sitenilesi imadyeka, ndipo imadyeka moipa kuposa chitsulo wamba chifukwa siichenjeza. Ndagwira zaka zambiri m'migodi ku Copperbelt ndisanapume, ndaona zotere kosawerengeka.

Chimene chimaiteteza si kulimba kwake ayi. Ndi kakhungu kopyapyala, kosaoneka ndi maso, kamene chromium wa m'chitsulomo amapanga akakumana ndi mpweya. Ukakakanda kamadzipanganso kokha. Mdani wake ndi chloride, yemwe ali mu mchere womwewu timathira m'ndiwo: pa makilogalamu 10 a mchere, pafupifupi 6 ndi chloride. Iyeyu sadya thanki yonse mofanana. Amasaka pofooka, n'kuboola pamenepo. M'kabowomo madzi amasanduka asidi, chloride wina n'kumakokedwera momwemo, kabowo n'kumangopita pansi pomwe pambali ponse pakung'anima. Ndi nankafumbwe weniweni, njere ya chimanga kunja ili bwinobwino, ukaitswanya ndi ufa wokhawokha.

A Mfufuti, thanki yanuyo ndi sitenilesi ya mtundu wanji? Chifukwa mawu oti sitenilesi ali ngati mawu oti nyama. Ilipo ya ng'ombe, ilipo ya mbewa.

Mfufuti74
Pa invoisi analemba 304, amdala.

MayiLabu
Musanagule chilichonse, tiuzeni za madziwo. Chloride ndi wochuluka bwanji? pH yake, muyezo wa asidi, ndi yotani? Amatentha kufika pati? Mumathiramo mankhwala anji? Popanda zimenezi tonse tikungolotera.

Mfufuti74
Mayi, pepala lomwe ndili nalo ndi la madzi otuluka kumapeto, lija timayezetsa chifukwa cha laisensi ya ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe. Lomaliza likuti chloride 4,200 mg pa lita. Za m'thankimo sitinayezepo.

MayiLabu
Ndiye yankho mwalipeza kale. Malire amene ambiri amatsata ndi awa: 304 imapirira chloride wofika cha m'ma 200 mg pa lita, 316 cha m'ma 1,000. Ndipo amenewo ndi madzi ozizira, oyenda, opanda asidi. Inu kumapeto kokha muli pa 4,200, madzi atasakanikirana kale ndi otsukira pansi ndi ena. Nanga m'mawa mukamakhuthula madzi oyamba onyikamo zikopa za mchere zija? Tengani botolo la madzi amenewo panthawi yomwe akulowa m'thanki, osati masana. Musadabwe akayandikira madzi a m'nyanja ya mchere, omwe chloride wake ndi pafupifupi 19,000. Ine ndimati 316 ikugulirani miyezi ingapo basi, kenako mudzabweranso pano ndi nkhani yomweyi.

ZitsuloZaLumumba
Mayi mukuopseza anthu. 316 ndi marine grade, imagwira ntchito pa sitima za panyanja. Ine ndagulitsa mapepala ake ambiri, palibe anabwera kudzadandaula. A Mfufuti ndiimbireni tikambirane mtengo.

Mdala_wa_Kopala
Achimwene, dzina lakuti marine grade linachokera ku zogwirira ndi mabawuti a pamwamba pa boti, zomwe madzi a mchere amangowaza, mvula n'kutsuka, dzuwa n'kuumitsa. Kuimiza m'madzi a mchere osayenda, pansi pa matope, ndi nkhani ina. Kumgodi mapuleti omwe mkuwa umamatirirapo mu tankhouse, moyengera mkuwa ndi magetsi, anali a 316L, mtundu wina wa 316, ndipo chloride tinkamulondera ngati mfiti, asapitirire 30 mg pa lita, chifukwa madziwo ndi asidi wofunda. Akangokwera, mapuleti amayamba nthomba, mkuwa n'kumakanirira osafuna kusendeka. 30 yekha, achimwene. Awa akukamba za masauzande.

ZitsuloZaLumumba
Amenewo ndi asidi amdala, awa ndi madzi a zikopa.

Mfufuti74
Asidi timagwiritsanso ntchito. Tisanathire chrome wofufutira, zikopa timaziviika mu mchere ndi asidi wa sulphuric, pH imatsika kufika cha pa 3. Madzi amenewonso amathera m'thanki yomweyo.

MayiLabu
Dikirani kaye. Madzi a asidiwo akulowa thanki imodzi ndi madzi a laimu ndi sulphide ochotsera ubweya? A Mfufuti, iyi si nkhani ya dzimbiri tsopano, ndi nkhani ya maliro. Sulphide akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wa hydrogen sulphide, uja wonunkha ngati mazira ovunda. Ukachuluka mphuno imasiya kuumva, munthu amangogwa. Anthu afera m'maenje a mafakitale a zikopa m'maiko ambiri chifukwa cha umenewu, ndipo kawirikawiri wachiwiri amafa polowa kukapulumutsa woyamba. Musalole munthu kulowa m'thankimo kukaona timabowo musanaikhuthule, kuipitsa mphepo ndi kuyeza mpweya. Madzi awiriwa ayende mapaipi osiyana.

Mfufuti74
Timawatulutsa nthawi zosiyana, koma kunena zoona masiku ena amakumana. Ndamva mayi. Mawa ndikakamba ndi abwana, ndipo mnyamata amene ndinati alowe Loweruka salowanso.

InjiniyaWaChadiza
Ndabwera mochedwa, ndinali pa Great East Road tsiku lonse. Pa za chitsulo, pali kasamu kosavuta kamene kamathandiza kuyerekeza mitundu, amakatcha PREN. Mumatenga peresenti ya chromium, kuphatikiza molybdenum kuchulukitsa ndi 3.3, kuphatikiza nitrogen kuchulukitsa ndi 16. Nambala ikakwera, chitsulo chimapirira kwambiri kubooka.

304 ili ndi chromium 18, nickel 8, molybdenum mulibe, ndiye imathera pa 18 kapena 19. 316 ali ndi molybdenum pakati pa 2 ndi 3, amafika cha pa 24. Kenako pali duplex 2205: chromium 22, nickel 5, molybdenum 3 ndi nitrogen pang'ono, cha pa 35. Pamwamba pake super duplex 2507 ndi 254 SMO, zonsezi zimadutsa 40, ndipo 40 ndiye mpanda umene anthu amaika pa madzi a m'nyanja. Onani kusiyana kwa 24 ndi 40, ndiye muone ngati 316 ingakupulumutseni.

Ubwino wina wa duplex ndi mphamvu. 2205 imalimba pafupifupi kawiri kuposa 316, ndiye thanki mutha kuipanga ndi pepala lopyapyalako, makilogalamu n'kuchepa. Anthu amaiopa poona mtengo wa kilogalamu osawerengera zimenezi. Koma PREN si mankhwala a zonse. Siiona kutentha, siiona asidi, siiona mmene munthu wawotcherera.

WeludaWaKuGarden
Apa ndiye mwafika kwathu. Nthawi zonse zikavuta amati weluda, weluda. Koma ndivomere, timabowo tikakhala m'mbali mwa mzere, dzanja la munthu lilipo. Ndikuuzeni zimene ndinaona mwezi wathawu. Anandiitana kukadula paipi ya sitenilesi pa fakitale ina ya zakumwa. Kunja mzere wokongola, mamba a nsomba, ungajambule chithunzi. Nditaidula n'kuunika m'kati ndi tochi ya foni, mzere wonse wakuda, wa nyenyeswa ngati nkhoko za nsima yopserera. Ukakhudza ndi chala zikuyoyoka. Wowotchererayo sanathire gasi wa argon wotchinga mpweya m'kati mwa paipi, ndiye mbali ya m'kati inapsa ndi mpweya. Pamenepo chromium watha, chloride amangolowa ngati kwawo.

Chachiwiri ndi mitundu ija imatsala pambali pa mzere, yachikasu, yabuluu, yofiirira. Makasitomala ena amaikonda, amati ikuonetsa kuti ntchito ndi ya TIG, kuwotcherera kwa argon kuja. Pansi pa utoto umenewo chitsulo n'chofooka. Uyenera kuuchotsa ndi pickling paste, kutsuka bwino, khungu lija libwerere. Chachitatu, disiki ya gulayinda. Munthu wadulira geti ya chitsulo wamba m'mawa, masana disiki yomweyo pa sitenilesi. Tizitsulo timakanirira pamenepo, timachita dzimbiri, kabowo kamayambira pomwepo. Burashi ya waya chimodzimodzi.

A Mfufuti, amene anakupangirani thankiyo anabwera ndi mabotolo angati a argon?

Mfufuti74
Argon? Anawotcherera ndi ndodo zija za magetsi, panja, pafupi ndi pomwe timadulira ma angle iron. Mzere anaupaka penti ya siliva.

WeludaWaKuGarden
Penti ya siliva! Mayo ine. Chikomekome cha nkuyu.

MayiLabu
A Weluda, muwauzenso anyamata anu kuti paste imeneyo muli asidi wa hydrofluoric ndi nitric. Hydrofluoric poyamba sapweteka kwambiri, amalowa pakhungu mwakachetechete mpaka kufupa. Magolovesi, magalasi, ndi mafuta a calcium gluconate akhale pafupi.

WeludaWaKuGarden
Zoona mayi. Ndili ndi chikhadabo chimodzi chimene sichinamerenso bwino.

PulambaWaMatero
Ine ndakhala ndikuwerenga, ndikudabwa. Bwanji nonse mukulimbana ndi chitsulo? Mchere sudya pulasitiki. Paipi ya HDPE mutha kuiika m'madzi a mchere mpaka adzukulu anu adzaipeza. Thanki ya fayibagalasi ya vinyl ester, kapena dzenje la konkire lokutidwa ndi HDPE m'kati, nkhani yatha. Zonsezi zimapezeka konkuno, simudikira lole yochokera ku Johannesburg kuti iwoloke pa Chirundu. Ndipo inu a zikopa mukudziwa bwino, madiramu ofufutira kuyambira kale anali a matabwa, ndipo masiku ano ena ndi a polypropylene. Akale aja sanali opusa.

InjiniyaWaChadiza
A Pulamba mwalasa, ndipo pa thanki ndi mapaipi ozizira ndikugwirizana nanu kotheratu. Koma pulasitiki nayo ili ndi malire. PVC ikadutsa madigiri 60 imafewa, HDPE nayo mphamvu yake imatsika cha pomwepo, polypropylene ndi CPVC zimapitako mpaka cha m'ma 80 kapena 90. China, HDPE imatanuka ndi kutentha, pafupifupi 0.2 mm pa mita iliyonse pa digiri imodzi. Paipi yakuda ya mamita 10 pa dzuwa la Okutobala, kusiyana kwa madigiri 30 pakati pa m'bandakucha ndi masana, yatalika masentimita 6. Mukaimanga zolimba mbali zonse imapindika ngati njoka kapena kuzula fulanji. Ndipo shafti ya pampu, chovundulira, mabawuti, koyilo yotenthetsera madzi, izi simungapange ndi HDPE. Pamenepo ndi pomwe ndalama ya chitsulo chabwino iyenera kupita.

KabwataKid
Ubwino wina wa pulasitiki, anyamata a sikirapu saiba. Kwathu anazula chitseko cha sitenilesi cha pa mita ya madzi usiku umodzi.

PulambaWaMatero
Kuba amaba, amakapanga ma hosipaipi a m'dimba. Koma ndi bwino kubedwa paipi ya pulasitiki kusiyana ndi ya duplex, ungalire mpaka ku Chipata.

AnaPhiri_Chilenje
Pepani ndilowerere ndi funso la kukhitchini. Ketulo yanga ya sitenilesi m'kati mwachita zoyera zolimba ngati mwala. Ndi chloride yemweyo?

MayiLabu
Ayi mayi, imeneyo ndi laimu. Lusaka yakhala pa miyala ya laimu ndi dolomite, ndiye madzi a m'zitsime ndi m'mabowo amabwera ndi calcium wambiri. Wiritsani madzi osakaniza ndi viniga kapena mandimu, zichoka. Koma musasiye jiki kapena madzi a mchere kugona m'poto wa sitenilesi, mudzapeza timadontho takuda pansi. Timeneto ndiye abale ake a timabowo ta a Mfufuti.

AnaPhiri_Chilenje
Zikomo. Ndiye amene amagulitsa mapoto ku Soweto amayesa ndi maginito aja, amati ikapanda kugwira ndiye yeniyeni, n'zoona?

Mdala_wa_Kopala
Bodza limenelo lapha anthu ambiri. Maginito sagwira 304, sagwiranso 316, ndiye sangakuuzeni kuti iyi ndi iti. Sagwiranso 201, yomwe ndi yotchipa, anachepetsa nickel n'kuikamo manganese, ndipo pa mchere ndi yofooka kuposa 304. Pomwe duplex, yabwinoyo, maginito amaigwira. Ndiye munthu wa maginito angataye duplex n'kunyamula 201 akumwetulira. Pa mapoto zilibe kanthu kwenikweni. Pa fakitale funsani satifiketi ya kumene chitsulo chinasungunulidwa, ija amati 3.1, ndipo nambala ya pa pepala ifanane ndi yodindidwa pa chitsulo. Mukakayika, itanani a kamfuti ka XRF. Amangoloza pa chitsulo masekondi ochepa, kamaonetsa chromium, nickel ndi molybdenum.

Tiyeseko
Bwanji osangogula titanium n'kuiwala? Ndinamva kuti siichita dzimbiri mpaka kalekale.

InjiniyaWaChadiza
Titanium pa madzi a mchere ndi mfumu, n'chifukwa chake mapuleti a heat exchanger, makina osinthanitsira kutentha, a madzi a m'nyanja amakhala a Grade 2. Koma nayo ili ndi mdani wake, fluoride mu asidi amaidya msanga, ndipo m'mipata yothinana madzi a mchere akatentha kwambiri imadyeka, mpaka anapanga Grade 7 yothira palladium pang'ono. Kuwotcherera kwake n'kovuta kuposa sitenilesi. Pali ina, Hastelloy C-276, yoposa theka ndi nickel, molybdenum pafupifupi 16. Zonsezi zilipo, koma kupanga nazo thanki ya madzi a zikopa kuli ngati kugula Land Cruiser yokatungira madzi pa mjigo wa kuseri kwa nyumba.

KabwataKid
Nickel yomweyo timakumba konkuno, ku Munali kufupi ndi Mazabuka ndi ku Kalumbila. Imapita kunja, imabwerera ili pepala, ife n'kugula ndi madola.

Mdala_wa_Kopala
Usandiyambitse mwana, ndingalembe mpaka mawa. Mukukumbukira Marichi 2022, mtengo wa nickel pa msika wa ku London utadumpha kupitirira madola 100,000 pa tani mpaka anaimitsa malonda? Makoteshoni a sitenilesi nthawi imeneyo ankafa asanafike pa desiki ya bwana. Apanso duplex imapambana, nickel wake ndi 5 pomwe 316 ali ndi 10 kapena kuposa, ndiye mtengo wake sugwedezeka kwambiri. Ku South Africa, ku Middelburg, kuli fakitale ya Columbus Stainless yomwe imapanga mapepala ambiri amene timaona kuno. Kumeneko n'komwenso kunachokera 3CR12, ya chromium 12, yabwino pa makwerero ndi poponda m'malo a chinyezi. Koma wina asakunamizeni kuti muimize m'madzi a mchere.

ZitsuloZaLumumba
Zonse mukukambazi n'zabwino pa pepala. Duplex muipeza kuti mu Lusaka lero lino? Muitanitsa, mudikira milungu, fakitale itaima? Ndipo weluda wake ali kuti? 316 ndili nayo pa shelefu.

WeludaWaKuGarden
Apa a Lumumba akunena zoona pang'ono. Duplex si ya aliyense. Waya wake ndi 2209, osati 316L, ndipo sufuna kutenthetsa kwambiri kapena kuziziritsa msanga. Pakati pa mzere ndi mzere uyenera kudikira chitsulo chitsike pansi pa madigiri 150, pa super duplex pansi pa 100. Munthu wolipidwa pa mita sadikira zimenezo. Ukaiphika molakwika umapeza chitsulo chodula chomwe chikubooka ngati 304. Alipo anyamata odziwa, ambiri anaphunzira ku koleji ya NORTEC ku Ndola kapena anagwirapo m'migodi, koma muwayese kaye pa kachidutswa musanawapatse ntchito.

Mdala_wa_Kopala
Pali china chimene palibe wachitchula. A Mfufuti, chaka cha 2024 madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri. Ngakhale pano amazimabe. Magetsi akazima chovundulira chanu chimaima, eti? Matope amakhazikika pansi?

Mfufuti74
Amakhazikika amdala. Jenereta timaisungira madiramu, chovundulira cha m'thanki sichili pa jenereta. Lamlungu ndiye amagona tsiku lonse.

Mdala_wa_Kopala
Ndiye timabowo ta pansi tija tafotokozeka. Pansi pa matope mpweya sufika, khungu lija likawonongeka silingadzipangenso. Ndipo m'madzi a zikopa muli tinyama ndi mafuta, chakudya cha tizilombo tija timasandutsa sulphate kukhala sulphide. Timamanga timilu pa chitsulo, pansi pake n'kumakumba. Mukapala kamulu kotere mupeza zakuda zonunkha ndi dzenje lonyezimira. Chimodzimodzi pansi pa gasiketi, pansi pa washa, paliponse pamene zitsulo ziwiri zagundana n'kusiya kampata. M'mipata motere chitsulo chimayamba kudyeka pa kutentha kotsika kuposa pamalo poyera. Ndiye popanga chatsopano, pansi pakhale potsetsereka kuti thanki izikhuthuka yonse, mizere iwotchereredwe yathunthu osati kudontheza apa ndi apo.

MayiLabu
Funso langa lachinayi silinayankhidwe. Mumathiramo mankhwala anji?

Mfufuti74
Pepani mayi, ndinaiwala. Timathira polima ndi ferric chloride kuti zinyalala zigwirane zitsike. Kapaipi kake kamadonthezera m'thanki kuchokera pamwamba. Ndipo poti mwafunsa, ndapita kukaona pompano ndi tochi. Kapaipiko kanapindika, mankhwala akutsetsereka pa khoma la thanki asanafike m'madzi. Pali mzere wofiirira kutsika pansi, ndipo mabowo atatu mwa 6 aja ali pa mzere umenewo.

InjiniyaWaChadiza
A Mfufuti! Mukanayamba ndi zimenezi. Ferric chloride ndi mankhwala amene ma labu amagwiritsa ntchito dala pofuna kuboola sitenilesi. Muyezo wa ASTM G48 ndi umenewo, amaviika kachidutswa mu ferric chloride wa 6 peresenti n'kuona ngati kabooka. Inu mwakhala mukuchita mayeso amenewo pa thanki ya abwana anu kwa miyezi 14, ndi mankhwala osasungunula n'komwe. Ngakhale 2205 singapirire pamenepo. Chilichonse chokhudza ferric chloride wosasungunula chikhale pulasitiki kapena chokutidwa ndi labala, ndipo kapaipi kalowe pakati pa madzi pomwe akuvunduka. Jiki ndi HTH chimodzimodzi, musazisiye zikhudze chitsulo zisanasungunuke.

KabwataKid
Ndiye wolakwa ndani apa, wogulitsa, weluda kapena kapaipi?

PulambaWaMatero
Onse adya nawo.

ZitsuloZaLumumba
Mwaona, vuto silinali chitsulo. Konzani kapaipi, gulani 316.

MayiLabu
Mabowo atatu ali pa mzere wa mankhwala. Atatu enawo?

Tiyeseko
Ine funso langa ndi la madzi otentha. Kwathu ku fakitale ya nsalu paipi ya 316 ya madzi a utoto inang'ambika, osati kubooka. Ming'alu yopyapyala ngati mizu ya udzu. Mu utoto timathira mchere wambiri. Ndi matenda omwewa?

InjiniyaWaChadiza
Ndi m'bale wake, koma woopsa kwambiri chifukwa paipi imatha kuthyoka mwadzidzidzi. Pamafunika zinthu zitatu pamodzi: chloride, kutentha kopitirira madigiri 60, ndi chitsulo chokokeka, monga pomwe chinapindidwa kapena kuwotchereredwa. 304 ndi 316 zonse zimagwa nawo matendawa, molybdenum wa mu 316 sathandiza kwenikweni. Kumata sikuthandiza, mukawotcherera mng'alu umathawira patsogolo. Nthawi zina zimayambira kunja, pansi pa zofunda za paipi zikanyowa, madzi n'kumauma mchere n'kumatsala. Duplex inatchuka kwambiri chifukwa cha vuto limeneli, imalipirira kuposa zinzakezo. A Mfufuti, ngati muli ndi koyilo kapena paipi ya madzi otentha a utoto wa zikopa, iyang'aneninso.

Mfufuti74
Ndabweranso patatha milungu iwiri, pepani ndinali chete. Madzi tinayezetsa malo atatu monga ananenera mayi. Oyamba onyikamo zikopa atuluka 16,500, a mchere ndi asidi aposa pamenepo, osakanikirana m'thanki 5,100. Tinaitananso munthu wa kamfuti kaja. Mapepala a thanki ndi 304 ndithu, koma ma elbow anayi ndi fulanji ziwiri ndi 201. Mabawuti a pa pampu pamutu pake palembedwa A2, amene munthuyo akuti ndi 304 yomweyo, A4 ndiye 316. Abwana ataona nambala pa kamfutiko anangoti hmm, za kulakwa kwanga sanazitchulenso.

Zomwe tagwirizana: thanki ya sitenilesi tiichotsa, tiimata bwino ikasungire madzi oyera a pa bowo. Dzenje lakale la konkire tilikuta ndi HDPE. Mapaipi onse ozizira HDPE, a asidi polypropylene, ndipo a sulphide ayenda njira yawoyawo mpaka ku damu lawo. Chovundulira tachilumikiza ku jenereta. Tayambanso kukutumula mchere pa zikopa tisanazinyike, tsiku loyamba lokha tinadzaza mawilibala awiri. Chatsala ndi pampu ndi shafti ya chovundulira. Wina wapereka koteshoni ya 2205, wina ya 2507, kusiyana kwa mtengo n'kwakukulu ndithu.

InjiniyaWaChadiza
Shafti ya m'thanki yosakanikirana, pa 5,100, madzi ozizira, pH yapakati, ferric atachoka pakhoma, ine ndingaike 2205 osaopa, bola muziitsuka pomwe mapiko amangidwa. Pampu yokoka madzi a 16,500 aja, makamaka ngati imagona ndi madzi m'mimba usiku, musanyengerere: 2507, apo ayi pampu ya diaphragm ya thupi la polypropylene ngati muli ndi kompuresa. Yachiwiriyi ndi yotsika mtengo ndipo ubweya ndi tinyama siitsamwa nato msanga.

Mdala_wa_Kopala
Pemphani tizidutswa ta 316, 2205 ndi 2507, chilichonse chikhale ndi mzere wowotcherera ndi washa wa pulasitiki womangidwa zolimba. Mangani pa chingwe cha nayiloni, zisagundane, muzimize m'dzenjemo miyezi itatu. Mukadzazivuula mudzatiuze pansi pa washa pakuoneka bwanji. Ndikufuna a Lumumba adzaone ndi maso awo.

ZitsuloZaLumumba
Kachidutswa ka 316 ndipereka ine, kaulere.

Mfufuti74
Ndidzatuma mnyamata Lachiwiri. A Pulamba, makina owotcherera HDPE aja, ofika pa paipi ya mamilimita 110, mumabwereketsa kapena mumabwera nawo nokha?

PulambaWaMatero
Ndimabwera nawo ndekha, omaliza kubwereka anandibwezera mbale yotenthetsera itapalidwa ndi mpeni. Mundiuze tsiku lomwe kwanuko kuli magetsi.